Anduna a Zachuma m'Patapata ya Nasoko

M'dziko la Zilibwino munalibe munthu wodwala, wosauka kapena wanjala. Zimenezi zinkadziwika chifukwa Mfumu Chikhalire inkazinena chaka ndi chaka pabwalo lalikulu la mumzinda wa Ombanim'manja, ndipo odwala, osauka ndi anjala ankabwera kudzamvera n'kuomba m'manja.

Mfumu ikamalankhula, kumanzere kwake kunkaima bambo wina wamtali, woonda, dzina lake Elifazi Gomonda. Udindo wake unali Wopana Ngodya Wamkulu wa Ufumu. Ntchito yake inali imodzi basi: kugwira ngodya ya mapepala a mfumu ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala kuti asabalalike. Udindowu unakhazikitsidwa kalekale, mphepo itasokoneza mapepala a agogo ake a Chikhalire pamaliro a nduna ina, agogowo n'kufunira malemuwo ukwati wabwino ndi ana ambiri. Kuyambira pamenepo banja la a Gomonda linkapana ngodya, bambo kusiyira mwana.

Gomonda ankainyadira ntchito yakeyo. Sankasenda nzimbe, sankawaza nkhuni, ndipo moni ankapereka ndi dzanja lamanzere. M'mawa uliwonse mkazi wake, Nasoko, ankamudzoza mafuta zala ziwirizo asananyamuke kupita kumsika wa Tingopirira, kumene ankagulitsa mchere.

Tsoka linabwera chaka chimene mvula inadula msanga. Chimanga chinauma chisanamasule ngaiyaye, malipiro a antchito ang'onoang'ono a kunyumba yachifumu anachedwa, ndipo pa tsiku la kulankhula kwa mfumu Gomonda anapita kubwalo atangomwa madzi otentha. Anaima pamalo pake, napana ngodya. Mfumu inayeretsa kukhosi n'kuwerenga.

"Anthu anga, chaka chino nkhokwe zathu zadzaza mpaka kusefukira."

Pomwepo m'mimba mwa Gomonda munalira. Maikolofoni inali pafupi, ndipo kuliraku kunatuluka m'zimkuzamawu zonse za pabwalo mpaka kukafika kudepoti ya mabasi. Mfumu inaima kaye. Inayang'ana kumwamba ngati mwina ndi bingu, kenaka inabwereza mawu aja pang'onopang'ono.

"Nkhokwe zathu zadzaza."

M'mimba muja munayankhanso, ulendo uno motalikirapo, kumapeto kwake mawu n'kukwera ngati funso.

Madzulo ake kumsika wa Tingopirira nkhani inali yomweyo. Nagama, mayi wogulitsa matimati pa benchi yoyandikana ndi ya Nasoko, anati, "Paja ankati m'dziko muno mulibe mbali yotsutsa boma. Kani inabisala m'mimba mwa amuna anu?"

"Tsitsani mawu, mumuphetsa munthu," anatero Nasoko.

Pasanapite nthawi, kunyumba yachifumu kunafika alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Anabwera ndi lipoti lonenepa lofotokoza za njala ya m'Zilibwino. Mfumu inalandira lipotilo koma maso ake sanatsike kufika pa zolembedwazo. Anakakamira pa ngodya, pamene panali kawaya kopindidwa mwaluso, katagwira mapepala onsewo popanda munthu woima pambali.

"Kanthu aka n'kachiyani?" inafunsa mfumu.

"Ndi kilipi, mfumu, kawaya kopanira mapepala," anayankha wamkulu wa alendowo. "Koma mukatsegula tsamba loyamba muona kuti ana a m'midzi..."

"Kamadya chiyani?"

"Sikadya."

"Kali ndi m'mimba?"

"Kalibe."

"Kamawerenga zimene kapanazo?"

"Ayi, mfumu."

"Kali ndi alamu ake ofuna ntchito?"

Alendowo anayang'anana. "Timabwera tambiri m'bokosi limodzi, koma sitidziwana."

Mfumu inagwetsa misozi. Inati zaka zonsezi yakhala ikufunafuna mtumiki wotere. Alendowo anaipatsa bokosi lonse la tiwayato, n'kubwerera kwawo akukhulupirira kuti lipoti lawo lawafika pamtima eni dziko. Lipotilo linakathera kumsika, kumene amayi ankakulungiramo zitumbuwa.

M'mawa mwake wailesi ya ufumu inalengeza lamulo. Poona kuti nduna za mnofu ndi magazi zimadya, zimatsokomola, ndipo nthawi zina zimakhala ndi maganizo, mfumu yachotsa nduna zonse n'kuika tiwaya m'malo mwake. Mwambo wolumbiritsa unachitika masana. Kawaya kalikonse kanapanidwa pa pepala la lumbiro, ndipo anthu achikulire anati aka kanali koyamba kuona nduna zitagwiritsitsa lumbiro lawo. M'bokosi lonselo munali kawaya kamodzi kokha konyezimira ngati golide. Kameneko kanapatsidwa unduna wa zachuma.

Vuto linali limodzi. Nduna zatsopanozi sizinkalankhula, choncho panafunika omasulira. Pofufuza anthu odziwa ntchito, anapeza kuti pali gulu la akuluakulu amene angochotsedwa kumene m'mawa womwewo. Dzuwa lisanalowe, nduna zonse zakale zinali zitabwerera m'maofesi momwemo, pa mipando yomweyo, ngati omasulira. Magalimoto anawasiyira, poti kawaya sikangakhale kokha kumbuyo kwa galimoto. Ndalama zolipirira misonkhano ankalandira iwowo m'malo mwa mabwana awo, poti kawaya kalibe thumba.

Munthu yekhayo amene ntchito inamutheradi anali Gomonda. Anamuitana a Ndamvabwana, amene kale anali nduna ya zachuma ndipo tsopano anali womasulira wa kawaya kagolide kaja.

"A Gomonda, boma likuthokoza kwambiri. Mukapume."

"Sindinatope, bwana."

"Inu simunatope, koma mfumu yatopa."

"Nanga sindingakhaleko womasulira ngati enawo?"

"Ayi. Mimba yanu imamasulira zimene sinafunsidwe."

Gomonda anapita kunyumba zala zake ziwiri zikadali chopana. Kwa masiku angapo ankangokhala pakhonde. Nthawi zina Nasoko akamadutsa ankamva kuti chitenje chake chakodwa, n'kupeza kuti mwamuna wake wachigwira pangodya osadziwa.

"Bambo a Tiyese, simungakhale chonchi mpaka kufa," anatero tsiku lina. "Tiyeni kumsika. Ine ndiziyeza mchere, inu muzithira banyira."

Anapitadi. Banyira wa Gomonda anali wa zala ziwiri, timchere tosakwana ndi m'ndiwo za mwana. Ogula ankamutcha banyira wa boma. Komabe malonda ankayenda, ndipo masana aliwonse Gomonda ankadya chinangwa chophika ndi tinsomba, chinthu chimene sichinkachitika nthawi yomwe ankaima pambali pa mfumu.

Tsiku lina kumsika kunamveka masayirini. Anduna a zachuma anabwera kudzayendera mitengo ya zinthu. Mdipiti wa magalimoto unaima pa chithaphwi cha pakhomo pa msika, chimene sichinkauma chifukwa cha paipi yoboola, ndipo a Ndamvabwana anatsika atanyamula mtsamiro wofiira, pakati pake pali kawaya kagolide. Anafika pa benchi ya Nagama, naweramitsa khutu pa mtsamirowo, n'kugwedeza mutu ngati akumva nzeru zakuya.

"Anduna akuti mitengo yatsika."

Nagama anasuzumira pansi pa benchi. "Yatsikira pati, bwana? Tiitole isapondedwe."

A Ndamvabwana anamveranso. "Anduna akuti mwawasangalatsa ndi nthabwala zanu, zomwe zikusonyeza kuti ndinu okhuta."

Pobwerera kugalimoto anadutsa pa chiwaya pomwe ankakazinga nyama ya mbuzi. A Ndamvabwana anatambasula dzanja kuti alawe m'malo mwa bwana wawo. Mtsamiro unapendekeka, kawaya kanatsetsereka n'kugwera m'matope. Palibe ndi mmodzi yemwe wa m'gululo amene anaona, chifukwa chilumbiritsireni panalibe amene anawayang'anapo andunawo. Masayirini analiranso, mtsamiro wopanda kanthu unakwezedwa m'galimoto mwaulemu, apolisi n'kuuchitira sawasha.

Madzulo omwewo Nasoko akuweruka, patapata yake ya kumanja inaduka lamba pa chithaphwi chomwecho. Ataweramira pansi anaona kawaya m'matope. Anakawongola mbali imodzi ndi mano, nabaya lambayo, n'kukapinda kunsi. Patapata inagwira bwino kuposa mmene inalili ili yatsopano.

Kunyumba yachifumu ntchito inkayenda monga mwa masiku onse. A Ndamvabwana ankaweramira mtsamiro m'mawa uliwonse n'kulengeza zimene anduna anena. Anduna anavomereza kuti omasulira agulidwire magalimoto atsopano. Anduna anakweza msonkho wa mchere. Anduna anagona bwino. Zinapitirira chonchi kwa masabata angapo, mpaka tsiku lowerenga ndondomeko ya zachuma, pamene mfumu inati anduna abwere adzapane okha mapepalawo. A Ndamvabwana anabweretsa mtsamiro, nagwada. Mfumu inafufuza ndi chala pamwamba pake, pansi pake, m'mphepete mwake.

"Ali kuti?"

A Ndamvabwana anayang'ana mtsamirowo kwa nthawi yoyamba.

"Abedwa, Gogo Chalo. Adani a chitukuko awaba."

Dziko lonse linalowa m'chipwirikiti. Wailesi inalengeza kuti waya aliyense ndi woganiziridwa mpaka atafotokoza kumene wachokera. Apolisi analanda magalimoto a mawaya a ana n'kuwaimika pamzere kupolisi, ena n'kuwapeza ndi mlandu woyenda opanda inshuwalansi. Mawaya oyanikapo zovala anamangidwa pamodzi ndi zovala zomwe. Misampha ya makoswe inatengedwa kukafunsidwa mafunso, ndipo makoswe a mumzinda wa Ombanim'manja ananenepa.

Woganiziridwa woyamba anali Gomonda, poti ndiye amene kawaya kanamulanda ntchito. Wapolisi wina wamapewa aakulu, Sajeni Kwapulani, anamutengera kupolisi, namuvula malaya, n'kugwada pafupi ndi mimba yake.

"Iwe ndiye wolongolola uja. Lankhula."

Mimbayo inali itadya chinangwa, ndipo inakhala chete. Sajeni anadikira mpaka mawondo anawawa, kenaka analemba kuti mboni yakana kuyankha, n'kumumasula Gomonda ndi chenjezo lakuti asatuluke mumzinda, iyeyo ngakhale mimba yake.

Lamulungu lotsatira, Nasoko anagwada pabwalo la nyumba akuuzira moto pa mbaula, zidendene zili m'mwamba. Gomonda anali pakhonde. Dzuwa linawomba kunsi kwa patapata ya kumanja, ndipo china chake chinanyezimira. Gomonda anayandikira, nawerama.

"Nasoko, usatembenuke msanga. Ukudziwa chimene waponda?"

"Ndaponda chiyani? Zitosi?"

"Waponda anduna a zachuma."

Nasoko anavula patapatayo n'kuitembenuza. Anayang'ana kawayako, kali kopindika, kokandikakandika, kodzaza dothi.

"Ndiye ndi amenewa? Ndimayesa ndi aakulu."

"Kawataye m'chimbudzi pompano. Akatipeza nawo atitumiza ku Simubwerako." Uku kunali kuchigawo cha kumalire kumene ankatayako anthu olakwira boma.

"Ndiziyenda chosavala?"

"Ndikugulira zina."

"Ndi banyira wanu uja?" Nasoko anavalanso patapata yake. "Bambo a Tiyese, chibadwireni ine boma ili silinandithandizepo kanthu. Lero lagwira lamba wa patapata yanga, ndiye ndikalitaye m'chimbudzi? Aziyenda nane. Ntchito akuidziwa."

Gomonda anachonderera tsiku lonse koma sizinamveke. Kuyambira pamenepo ankayenda kumbuyo kwa mkazi wake, akufufuta mapazi ake m'fumbi.

Sajeni Kwapulani, atatopa ndi kumanga misampha, anapeza nzeru ina. Anachotsa maginito aakulu m'chimkuzamawu chakale, nawamanga pachingwe, n'kuyamba kuwakoka m'misewu. Loweruka anafika nawo kumsika wa Tingopirira. Maginitowo anatola misomali, zitsekerero za mabotolo, malezala, kiyi amene wogulitsa makala anataya chaka chatha. Atadutsa pa benchi ya mchere, phazi la Nasoko linanyamuka lokha n'kukamatirira. Sajeni anakoka chingwe, Nasoko n'kumatsatira akudumpha ndi mwendo umodzi.

"Pepani, mayi, chotsani phazi."

"Likukana."

Sajeni anawerama, nasuzumira kunsi kwa patapata. Anaimirira msangamsanga n'kuchitira sawasha phazilo.

Mlandu unakazengedwa pamaso pa mfumu. Nasoko anakhazikidwa pampando, phazi lake la kumanja ataliika pa mtsamiro wofiira uja. Gomonda anaima pambali pake atamangidwa maunyolo. Milandu inali itatu: kuba nduna, kupinda nduna, ndi kuponda boma. A Ndamvabwana ndi amene ankaneneza, ndipo anapempha kuti awiriwo atumizidwe ku Simubwerako tsiku lomwelo.

Gomonda anagwada. "Gogo Chalo, mayi awa alibe mlandu. Ndine ndinawapinda anduna chifukwa cha nsanje. Nditumizeni ineyo."

"Akunama," anatero Nasoko. "Zala zawozo sizitha ngakhale kusenda nthochi. Ndinawapinda ndine, ndi mano."

M'bwalo munamveka kung'ung'udza. Mfumu inakweza dzanja.

"Unawaba bwanji?"

"Sindinawabe, Gogo Chalo. Ndinawatola m'matope. Panalibe wowafuna."

"Liti?"

"Tsiku lomwe anabwera kumsika kudzatiuza kuti mitengo yatsika."

Mfumu inawerenga china chake pa zala, kenaka inatembenukira kwa a Ndamvabwana.

"Limenelo ndi kale. Nanga amene wakhala akukuuza zogula magalimoto ndani?"

Omasulira ena onse anayang'ana nsapato zawo. Thukuta linatsika m'khosi mwa a Ndamvabwana mpaka kunyowetsa tayi. Koma munthuyu sanakhale m'boma zaka zonsezo pachabe. Anagwa chafufumimba.

"Gogo Chalo, ndikhululukireni, ndinalumbira kusunga chinsinsi. Anduna sanabedwe. Anadumpha okha. Anandiuza kuti atopa ndi mtsamiro, akufuna akaone ndi maso awo mmene anthu anu akukhalira. Anasankha kukhala pansi penipeni, pansi pa phazi la mayi wamba. Malangizo ankanditumizira ali komweko."

"Za magalimoto zomwe?"

"Ataona kuwawa kwa kuyenda pansi, Gogo Chalo, anati omasulira asayerekeze."

Mfumu inatsika pampando wake, niyenda mpaka pa phazi la Nasoko. Inayang'ana kawaya kopindikako, misozi ikulengeza.

"Taonani mmene aondera," inatero. "Chikhalire cha ufumu uno, nduna iti inafikapo pamene pafika ameneyu? Amasuleni anthuwa. Itanani dokotala awachotse anduna akapume."

Dokotala wa mfumu anabwera, nayeza patapatayo uku ndi uku, n'kupukusa mutu. Anati msana wa anduna wapindika kwambiri, ndipo kuwawongola kungawathyole. Ayenera kukhala momwemo moyo wawo wonse.

Mfumu inalengeza lamulo lina pomwepo. Nduna zonse zitengere chitsanzo cha mnzawo. Zichoke pamitsamiro zipite kwa anthu.

Tiwaya tonse tinatengedwa kupita kumsika wa Tingopirira, ndipo anthu anaima pamzere wautali kuti alandire nduna. Nduna ya zofalitsa nkhani inapita kwa telala wina amene wailesi yake inathyoka mlongoti, ndipo wailesiyo inayamba kugwira ngakhale nyumba zoulutsira mawu za kunja. Nduna ya zamaphunziro inalumikiza mwendo wa magalasi a mphunzitsi wina wopuma. Nduna ya zaumoyo inkachotsa phula m'makutu a banja lonse la wogulitsa makala. Nduna ya zachitetezo inakhala chokokera zipi ya buluku la wakabaza. Nduna ya zachilungamo inagwa m'manja mwa munthu wina wodziwa kutsegula maloko a eni ake, ndipo sinaonekenso. Nagama anaima pamzerewo kuyambira m'mawa, koma itafika nthawi yake nduna zinali zitatha.

"Palibe kanthu," anatero akubwerera ku matimati ake. "Ndi makuponi a feteleza zinali chimodzimodzi."

Kwa kanthawi ndithu anthu a m'Zilibwino ankavomereza, ngakhale monong'ona, kuti boma likugwira ntchito.

Kenaka inakwana nthawi ya msonkhano wa nduna, ndipo malamulo a ufumu ankati msonkhano sungachitike nduna palibe. Popeza zambiri zinali zitapindika mosachotseka, anaitana eni zinthuzo. Telala anabwera ndi wailesi yake. Mphunzitsi anabwera ndi magalasi. Wakabaza anamupempha kuti azingoima kukona, ndipo onse anagwirizana kuti nduna yake isafunsidwe mafunso ambiri. Nasoko anakhala kumanja kwa mfumu, phazi lake lili patebulo.

Itafika nkhani ya zachuma, a Ndamvabwana anayandikira, natsina mphuno pang'ono, n'kuweramitsa khutu pa patapata.

"Anduna akuti..."

"Chokani apo," anatero Nasoko. "Phazi ndi langa. Akafuna kulankhula amabaya ine, osati inu."

Mfumu inaona kuti mfundoyo ndi yomveka. "Nanga akuti chiyani, mayi?"

Nasoko anagwedeza chala cha kuphazi. "Akuti nkhokwe zija zilibe kanthu. Akuti kuchipatala kulibe mankhwala, mjigo wa kwa Tingopirira unafa kalekale, ndipo msonkho wa mchere uja iwo sanaunenepo."

Telala anati mlongoti wake ukugwirizana nazo. Mphunzitsi anati magalasi ake akuonanso chimodzimodzi. Mfumu inadabwa kwambiri, chifukwa zoterezi inali isanazimvepo kwa munthu aliyense, ndipo zikanachokera kwa munthu sikanazilola. Koma poti zinachokera kwa waya, inalamula kuti zikonzedwe. Mjigo unakonzedwadi. Msonkho wa mchere unachotsedwa. Kumsika amayi anamuimbira Nasoko nyimbo, ndipo Gomonda anathira banyira wa dzanja lonse mpaka chala chake chachikulu chinalira.

Pamisonkhanoyi pankakhala mpunga ndi nkhuku, komanso envelopu ya kakhi pa mpando uliwonse. Ya msonkhano woyamba Nasoko anaibweza. Ya msonkhano wachiwiri anailandira, akuti n'njogulira polishi wa anduna. Pa msonkhano wachitatu anafunsa chifukwa chake yake inali yopyapyala kusiyana ndi ya telala.

A Ndamvabwana, amene tsopano anali mlangizi wa eni nduna, anamukokera pambali tsiku lina.

"Mayi, ndinene ngati mlongo wanu. Mwaiona patapata yanu kuchidendeneku? Yatsala pang'ono kubooka. Ikangotha, anduna agwa, ndipo akagwa, mpando uja mukhalapo ngati ndani?"

Nasoko anaitembenuza patapatayo. Kuwala kunkadutsa.

Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pansi. Anamupatsa galimoto ndi nyumba kumtunda kwa mzinda, ndipo amuna anayi amphamvu ankamunyamula pa machila kuchoka pakhomo kufika pagalimoto, kuchoka pagalimoto kufika patebulo. Eni nduna enawo anaphunzirapo. Telala anasiya kutsegula wailesi kuopa kutopetsa mlongoti. Mphunzitsi ankasunga magalasi m'bokosi n'kumayenda chofufuza. Za wakabaza sitinena zambiri, koma ankamwa madzi ochepa kwambiri. Kumisonkhano anduna a zachuma anasiya kubaya. Nasoko ankati akhutira ndi mmene zinthu zikuyendera.

Gomonda anakhalako masiku ochepa kunyumba ya kumtundayo, koma anasowa chochita, ndipo benchi ya mchere inkafuna munthu. Anabwerera kumsika. Mkazi wake ankamuona Loweruka, ngati mlembi wa Nasoko wampezera mpata. Ulendo wina Gomonda anamuuza kuti mjigo uja wafanso.

Nasoko anayang'ana phazi lake, limene tsopano linali losalala ngati la khanda. Anadikira kanthawi.

"Sakunena kanthu, bambo a Tiyese. Mwina mulembe kalata."

Gomonda anatsika phiri wapansi. Atangolowa mumsika, patapata yake inaduka lamba. Anafufuza pansi paliponse, koma waya yense wa m'Zilibwino anali atalembetsedwa kale ngati wogwira ntchito m'boma. Anakhala pa thumba la mchere, natola jumbo yakuda imene inkauluka ndi mphepo, n'kuing'amba kachingwe. Anapota, nalowetsa pa bowo, namanga mfundo kunsi. Anaimirira n'kuyesa kuyenda. Inagwira.

Nagama ankaonerera akupukuta matimati.

"Yagwira?"

"Yagwira ndithu. Mwinanso kuposa waya."

Nagama anayang'ana kumanja ndi kumanzere, natsitsa mawu. "Ndiye bisani phazilo, alamu. Mfumu ikangomva, mawa lomwe lino tidzuka tikulamulidwa ndi majumbo."

Gomonda anaganiza za machila, za mpunga ndi nkhuku. Anaganizanso za Loweruka lake, limene mlembi anali atalisunthira ku mwezi wamawa. Anakoka thumba la mchere n'kuphimba phazi lake, kenaka anafunsa mayi amene anaima patsogolo pake kuti akufuna wa zingati.